Apolisi Akaima Kumbuyo kwa Wandale: Mafunso ndi Mayankho

Pa zisankho zitatu zotsatizana za pulezidenti ku America, mu 2016, 2020 ndi 2024, bungwe lalikulu kwambiri la apolisi m'dzikolo, la Fraternal Order of Police, linalengeza poyera kuti lili kumbuyo kwa a Donald Trump. M'zaka zomwezo, kukhulupirira kapena kusakhulupirira apolisi kunayamba kuyendera chipani chimene munthu amavotera. Ife amene tinaona zimene zinachitika kuno ku Malawi mu 2019 nkhani imeneyi sitingaimve ngati ya kutali.

Kodi bungwe limeneli ndi lotani, ndipo likalankhula ndiye kuti apolisi onse alankhula?

Linayambitsidwa mu 1915 ndi apolisi awiri a mumzinda wa Pittsburgh amene anatopa ndi kugwira ntchito maola 12 tsiku ndi tsiku popanda kokadandaula. Lero lili ndi mamembala oposa 300,000. Ntchito yake ndi ya bungwe la ogwira ntchito: kukambirana za malipiro ndi penshoni, ndiponso kupezera loya wapolisi amene akuimbidwa mlandu wa pantchito. Ku America kulibe polisi imodzi yolamulidwa kuchokera ku likulu ngati mmene ilili yathu ya ku Area 30. Mizinda, madera ndi zigawo zili ndi polisi yakeyake, ndipo zonse pamodzi zimakwana pafupifupi 18,000. Choncho mabungwe oterewa ndi amene amamveka ngati pakamwa pa apolisi a dziko lonse, ngakhale kuti palibe anawapatsa udindo umenewo.

Kuti bungweli lisankhe munthu, pamafunika kuti magawo awiri mwa atatu a akuluakulu ake agwirizane. Kale silinkakhala mbali imodzi nthawi zonse. Mu 1996 linasankha a Bill Clinton a chipani cha Democratic, ndipo mu 2012 silinasankhe aliyense pakati pa a Barack Obama ndi a Mitt Romney. Bungwe linanso, la National Association of Police Organizations, linali kumbuyo kwa a Obama mu 2008 ndi 2012, koma mu 2020 linatembenukira kwa a Trump. Chaka chomwecho bungwe la apolisi a mumzinda wa New York, limene linakhala zaka zambiri osalowerera pa chisankho cha pulezidenti, nalo linachita chimodzimodzi.

Koma si apolisi onse amene anavomereza. Magulu a apolisi akuda, monga a ku Philadelphia, anadandaula poyera kuti ndalama zimene amasonkha zikugwiritsidwa ntchito polankhula zimene iwo sagwirizana nazo. Kafukufuku wa bungwe la Pew, amene anafunsa apolisi pafupifupi 8,000 mu 2016, anaonetsa kukula kwa mng'alu umenewu. Apolisi achizungu 92 pa 100 alionse ananena kuti dziko lawo linasintha kale mokwanira kuti akuda akhale ndi ufulu wofanana ndi azungu. Mwa apolisi akuda, amene anavomereza zimenezi anali 29 okha pa 100 alionse. Anthu awa amavala yunifolomu imodzi ndipo amakwera galimoto imodzi yolondera.

Chinawakokera kwa a Trump n'chiyani?

Tiyenera kuyamba ndi mmene apolisiwo ankamvera, chifukwa madandaulo awo sanali opeka. Mu Ogasiti 2014 wapolisi anaombera ndi kupha mnyamata wakuda, Michael Brown, ku Ferguson, ndipo zionetsero zinabuka. Mu Epulo 2015 Freddie Gray anamwalira atavulala ali m'galimoto ya apolisi ku Baltimore. Mafoni a m'manja anayamba kujambula zimene kale zinkachitika popanda mboni. Boma la a Obama linatumiza akuluakulu a unduna wa zachilungamo kukafufuza polisi ya ku Ferguson, Baltimore ndi Chicago, ndipo malipoti ake anali owawa. Kenako pa 7 Julayi 2016 munthu wina anaombera ndi kupha apolisi asanu ku Dallas, pamene ankalondera zionetsero. Pa kafukufuku wa Pew uja, apolisi 86 pa 100 alionse ananena kuti ntchito yawo yafika povuta kuposa kale chifukwa cha nkhani zimenezi.

Munthu amene amadzuka usiku kupita kokaletsa ndewu za anthu osawadziwa, kenako n'kumamva pa wailesi kuti iye ndi anzake onse ndi zigawenga, amafuna wina woti amuuze kuti ali naye limodzi. A Trump anawauza zimenezo pa msonkhano uliwonse. A Hillary Clinton, amene ankapikisana nawo mu 2016, sanayankhe n'komwe mafunso amene bungwe la Fraternal Order of Police limatumiza kwa opikisana pa chisankho.

Panalinso zogwirika. Mu 2015 a Obama anachepetsa zida za usilikali zimene boma linkagawira apolisi a m'mizinda. Mu Ogasiti 2017 boma la a Trump linachotsa chiletsocho, ndipo nduna ya zachilungamo, a Jeff Sessions, anakalengeza zimenezi pa msonkhano waukulu wa bungwe lomweli ku Nashville. A Sessions anachepetsanso mapangano omangidwa kukhoti amene amakakamiza polisi ya mzinda kusintha kagwiridwe ka ntchito ikapezeka kuti imazunza anthu. Kwa atsogoleri a bungweli, voti yawo inali itabala zipatso.

Wapolisi ndi nzika ngati wina aliyense. Kodi alibe ufulu wokonda chipani chimene akufuna?

Ali nawo, ndipo palibe amene ayenera kumulanda. Amalipira msonkho, ana ake amaphunzira m'sukulu za boma, mtengo wa ufa ukakwera naye umamukhudza. Akalowa m'kachipinda kovotera achonge pamene mtima wake wafuna. Vuto limayamba pamene akufuna kuti voti yakeyo imveke ngati voti ya polisi.

Zimene zinachitika ku Minneapolis mu Okutobala 2019 zikuonetsa bwino pamene pali malire. A Trump ankabwera kudzachititsa msonkhano mumzindawo. Akuluakulu a polisi anali atangokhazikitsa lamulo loti wapolisi asavale yunifolomu poonetsa kuti ali kumbuyo kwa wandale. Mtsogoleri wa bungwe la apolisi a mumzindawo, a Bob Kroll, anakwiya nalo lamuloli, ndipo anakonzetsa matisheti ofiira olembedwa kuti apolisi ali ndi Trump. Pa tsiku la msonkhano apolisi ovala matisheti aja anakwera pa nsanja, a Kroll analankhula, a Trump anawagwira chanza mmodzimmodzi khamu likukuwa. Lamulo silinaswedwe, pakuti yunifolomu inatsala kunyumba. Koma aliyense woonera kanema anamva uthenga umene yunifolomuyo ikanapereka. Panja pa holoyo panali anthu ochita zionetsero zotsutsa a Trump, ndipo amene ankawalondera ndi kuwathira tsabola m'maso anali apolisi a mumzinda womwewo.

Patangotha miyezi isanu ndi iwiri, pa 25 Meyi 2020, wapolisi wa ku Minneapolis komweko, Derek Chauvin, anagwadira pakhosi pa George Floyd kwa mphindi zoposa 9 mpaka kumupha. Matisheti aja sindiwo anapha Floyd. Koma mzinda utayaka moto, ndipo pakufunika munthu woti aime pakati pa apolisi ndi anthu okwiya, mtsogoleri wa apolisiwo analibenso mawu amene mbali inayo ikanamvera. Ochita zionetsero ankatchula dzina lake m'misewu kuti atule pansi udindo. Anapuma pantchito mu Januwale 2021.

Mayiko ena anaona vuto limeneli kalekale. Ku Britain apolisi sankaloledwa ngakhale kuvotera aphungu mpaka mu 1887. Zimenezo zinali zonyanyira ndipo zinathetsedwa, koma mpaka lero malamulo a polisi kumeneko amaletsa wapolisi kutenga mbali pa ndale. Ku South Africa lamulo la polisi la 1995 limalola wapolisi kukhala membala wa chipani koma limamuletsa kuonetsa poyera kuti akuchisapota, ngakhale kuti bungwe lalikulu la apolisi kumeneko, POPCRU, lili pansi pa COSATU, gulu la mabungwe a ogwira ntchito limene lili pa mgwirizano ndi chipani cha ANC.

Nanga chimaonongeka n'chiyani kwenikweni? Akuba amangidwabe, milandu ipitabe kukhoti.

Anthu ambiri amaganiza kuti apolisi amagwira akuba ndi nzeru zawo zokha. Milandu yochuluka imatheka chifukwa wina walankhula: mayi wogulitsa tomato amene anaona nkhope ya wakubayo, woyendetsa kabaza amene ananyamula katunduyo osadziwa, mnansi amene anamva kukuwa usiku. Anthu amenewa palibe amawalipira. Kukalemba sitetimenti kumawadyera tsiku lonse, ndipo kukaima kukhoti ngati mboni kungawaike pa chiopsezo. Amachita zimenezi pokhapokha akakhulupirira kuti amene ali kuseri kwa tebulo uja awamvera mosayang'ana nkhope.

Katswiri wa ku America, a Tom Tyler, anafufuza zimenezi mumzinda wa Chicago ndipo anatulutsa buku lake mu 1990. Anapeza kuti kuopa chilango kumathandiza pang'ono chabe kuti anthu azimvera malamulo. Chimene chimagwira ntchito kwambiri n'chakuti munthu aziona kuti amene ali ndi mphamvuwo ali nazo moyenerera. Ndipo anthu amaweruza zimenezi poona mmene awachitira: kodi anapatsidwa mpata wofotokoza mbali yawo, kodi analemekezedwa, kodi wapolisiyo anali wosakondera. Munthu akhoza kulipitsidwa faindi koma n'kuchoka wosakwiya ngati waona kuti wina aliyense akanalipitsidwa chimodzimodzi.

Apa ndi pamene ndale zimapweteka. Woyimbira mpira wa Bullets ndi Wanderers akaoneka Lachisanu atavala jezi ya mbali imodzi, Loweruka ngakhale aimbe mwachilungamo chotani, theka la bwalo silidzakhulupirira penate iliyonse imene wapereka. Wapolisi amene waimitsa galimoto yomata chithunzi cha wandale wotsutsa akhoza kukhala kuti waona tayala lakutha basi. Woyendetsayo akafika kunyumba adzafotokoza nkhani ina, ndipo abale ake adzaikhulupirira.

Chimene chimandipweteka n'chakuti amene amalipira mtengo wake si olemera. Wolemera ali ndi mpanda, alonda ndi loya. Amene amafuna polisi kwambiri ndi mayi amene mwamuna wake akumumenya, kapena wogulitsa pamsika amene amuthyolera kagolosale. Anthu otere akayamba kuona polisi ngati ya "anthu aja", amangokhala chete ndi mavuto awo, kapena amathana ndi wakubayo okha ndi miyala ndi petulo.

Kodi pali umboni woti maganizo a anthu pa apolisi anagawikadi motsatira zipani?

Ulipo. Bungwe la Gallup lakhala likufunsa anthu a ku America chaka ndi chaka kuyambira mu 1993 ngati amakhulupirira apolisi. Mu 2020, kwa nthawi yoyamba, okhulupirira anatsika kufika pa 48 pa 100 alionse, kutanthauza osakwana theka. Chochititsa mantha chili m'kati mwa chiwerengerocho. Mwa otsatira chipani cha Republican, 82 pa 100 alionse ankakhulupirira apolisi. Mwa a Democratic anali 28 okha. Mwa azungu anali 56, mwa akuda 19. Mu 2023 chiwerengero cha dziko lonse chinatsikanso kufika pa 43, kenako chinakwera kufika pa 51 mu 2024.

Kusiyana kwa akuda ndi azungu n'kwakale kwambiri kuposa a Trump. Kunayambira nthawi imene apolisi ankasaka akapolo othawa, n'kudutsa m'zaka za m'ma 1960 pamene ankakhwirizira agalu anthu oguba mwamtendere ku Birmingham, Alabama. Mtsogoleri wa bungwe la akuluakulu a polisi, la International Association of Chiefs of Police, anapepesa poyera mu Okutobala 2016 chifukwa cha mbiri imeneyi. Choncho kulengeza kwa mabungwe aja sikunakumbe dzenjelo. Kunalikulitsa, ndipo kunaonjezera chinthu chatsopano: polisi inasanduka chizindikiro cha chipani. Mbendera yakuda ndi yoyera yokhala ndi mzere wabuluu, imene inkaimira ulemu kwa apolisi ofera pantchito, inayamba kupepezedwa pa misonkhano ya a Trump, mpaka munthu akaiona pa galimoto ankadziwiratu kumene mwini wake amavota.

Komabe kusakhulupirira apolisi sikutanthauza kusawafuna. Mu 2020 momwemo Gallup inapeza kuti anthu akuda 81 pa 100 alionse ankafuna kuti apolisi azipezeka m'madera awo mofanana ndi mmene ankapezekera kapena kuposa. Mu Novembala 2021 anthu a ku Minneapolis, mzinda umene Floyd anaphedwera, anakana pa voti ganizo lothetsa polisi yawo kuti m'malo mwake mukhale nthambi ina. Anthu amenewa akupempha polisi imene angaiitane mopanda mantha.

Kodi mawu a wandale angasinthe mmene wapolisi amagwirira munthu?

Pa 28 Julayi 2017 a Trump analankhula kwa apolisi ku Brentwood, m'chigawo cha New York, apolisi ovala yunifolomu ataima m'mizere kumbuyo kwawo. Anatchula kachitidwe kamene wapolisi aliyense amaphunzitsidwa: polowetsa womangidwa m'galimoto, umaika dzanja pamutu pake kuti asagunde chitseko, pakuti manja ake ali m'unyolo ndipo sangadziteteze. A Trump anawauza kuti asamachite ulemu wonyanyira, dzanjalo akhoza kulichotsa. Ena mwa apolisi aja anaseka ndi kuomba m'manja. Tsiku lomwelo polisi ya m'deralo inatulutsa chikalata chonena kuti silola kuzunza omangidwa, ndipo akuluakulu a polisi a m'mizinda ina anatsutsanso mawuwo. Koma chimene anthu anaonera pa kanema chinali kuomba m'manja kuja. Kadzanja kameneko n'kakang'ono, koma kamakumbutsa wapolisi kuti amene wamugwirayo khoti silinamupeze wolakwa.

Nanga apolisiwo anapindula? Wandale amene anamusankhayo anawateteza?

Pa 6 Januwale 2021 khamu la otsatira a Trump linathyola ndi kulowa m'nyumba ya malamulo ya Capitol ku Washington pofuna kuletsa aphungu kutsimikiza kupambana kwa a Joe Biden. Apolisi pafupifupi 140 anavulala. Mmodzi, Brian Sicknick, anamwalira tsiku lotsatira. Ena m'khamulo ananyamula mbendera ya mzere wabuluu ija. Wapolisi wina, Michael Fanone, amene ananena yekha kuti anavotera a Trump mu 2016, anakokeredwa pakati pa gululo, kumenyedwa ndi kuwotchedwa pakhosi ndi chida cha magetsi mpaka mtima wake unavulala. Mwa omenyawo munalinso anzawo a ntchito: Thomas Webster, amene anapuma ku polisi ya New York, analamulidwa kukhala m'ndende zaka 10 chifukwa chomenya wapolisi ndi chitsulo cha mbendera.

Pa 20 Januwale 2025, tsiku lomwe analumbira kachiwiri, a Trump anakhululukira anthu pafupifupi 1,500 oimbidwa milandu ya tsiku lija, kuphatikizapo omenya apolisi. Bungwe la Fraternal Order of Police, limene linali litawasankha miyezi inayi yokha m'mbuyomo, linatulutsa chikalata pamodzi ndi bungwe la akuluakulu a polisi lija chodandaula kuti kumasula anthu ozunza apolisi kukupereka uthenga woopsa. Chikalatacho sichinabweze aliyense m'ndende.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Wapolisi amene wayesa kubisala kwa malamulo ndi kwa chipani nthawi imodzi amadzapeza kuti chikondi cha chipani chili ndi malire: chimatha tsiku limene iye wagwira wa chipanicho. Mu Ogasiti 2022 apolisi a FBI atakachita chipikisheni kunyumba ya a Trump ku Mar-a-Lago, andale ena amene ankadzudzula kwambiri ganizo lochepetsa ndalama za polisi anayamba kunena kuti FBI ilandidwe ndalama.

Kuno kwathu apolisi alibe bungwe lolengeza za wandale. Nkhaniyi ikutikhudza bwanji?

Pa pepala ife tili patsogolo kuposa America. Gawo 158 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti apolisi azigwira ntchito ngati atumiki osakondera a anthu onse ndi a boma lolamula. Limawaletsa kutenga mbali pa ndale, koma limawasiyira ufulu wovota ndi wotula pansi ntchito ngati akufuna kulowa ndale. Limaletsanso boma kapena chipani chilichonse kugwiritsa ntchito wapolisi pokweza kapena kugwetsa chipani. Amene analemba gawoli mu 1994 ankadziwa chimene akuthawa. Anali atangotuluka m'zaka 30 za chipani chimodzi, pamene a Special Branch ankamvetsera zokamba za anthu m'mabala ndi m'mabasi, ndipo a Payoniya anali ndi mphamvu zoposa za apolisi mpaka asilikali anawalanda zida mu Disembala 1993.

Kusiyana kwake n'kwakuti ku America apolisi ndi amene amasankha wandale, pamene kuno wandale ndi amene amasankha apolisi. Pulezidenti ndiye amasankha mkulu wa polisi, Nyumba ya Malamulo n'kuvomereza. Pansi pake pali nkhani za kukwezedwa ndi kusamutsidwa, zimene wapolisi aliyense amadziwa kuti zingamupititse ku Chitipa kapena ku Nsanje sabata yomweyo akakhumudwitsa munthu wolakwika. Palibe amafunika kuvala tisheti. Anthu amaona okha amene amaloledwa kuchita msonkhano ndi amene amathiridwa utsi wokhetsa misozi, amene amamangidwa Lachisanu madzulo kuti agone m'chitokosi mpaka Lolemba ndi amene amayenda ndi zikwanje masana popanda womufunsa.

Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu 20 anaphedwa, pafupifupi theka la iwo ku Mzuzu. Mu Seputembala chaka chomwecho Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic wodzudzula boma, anapezeka atafa. Apolisi anati anadzipha, koma komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 2012 inapeza kuti anachita kuphedwa. Pofika chisankho cha pa 21 Meyi 2019 ndi zionetsero zimene zinatsatira, anthu ambiri anali ataweruza kale. Oguba ankaombera m'manja asilikali a MDF ndipo ankagenda apolisi. Pa 3 Febuluwale 2020, tsiku limene khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, oweruza anaperekezedwa ndi asilikali. Kuteteza oweruza ndi kulondera zionetsero ndi ntchito ya polisi. Dziko likafika poitanira asilikali ntchito zimenezi ndiye kuti polisi yataya chinthu chachikulu.

Ku Msundwe ndi kumene tinaona mapeto a njira imeneyi. Pa 8 Okutobala 2019 anthu anatseka msewu wa Lilongwe–Mchinji pofuna kuletsa ena kupita ku msonkhano wa pulezidenti wa nthawiyo, a Peter Mutharika. Apolisi atabwera kudzatsegula msewuwo, khamu linagenda Superintendent Usumani Imedi mpaka kumupha. Bambo ameneyu anali pantchito imene anatumidwa. Amene anamugendawo sanaone munthu wokhala ndi banja, anaona chipani. Kenako apolisi anabwerera ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linapeza kuti ena mwa iwo anagwirira ndi kuzunza amayi ndi atsikana. Mu Ogasiti 2020 khoti lalikulu linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipepeso. Amayi amenewo nawonso sanaonedwe ngati anthu, anaonedwa ngati mudzi wa otsutsa. Imfa ya a Imedi ndi nkhanza zochitidwa kwa amayi aja zinachokera pa muzu umodzi.

Ndipo matendawa sali a chipani chimodzi. Boma litasintha mu Juni 2020 ambiri tinayembekezera kuti zatha. Pa 26 Juni 2025, anthu onyamula zikwanje anamenya a Sylvester Namiwa ku Lilongwe pamene ankatsogolera zionetsero, apolisi ndi asilikali ali pomwepo. Amene ankalira ndi polisi ya 2019 ndi amene anali m'boma tsiku limenelo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: chipani chilichonse chimene chazolowetsa apolisi kuyang'ana kumbali chimadzasiyira adani ake polisi yomweyo chikatuluka m'boma.

Chikhulupiriro chikatayika chonchi, chingabwererenso?

Chingabwerere, koma chimatenga zaka ndipo chimafuna zochita zooneka. Ku Northern Ireland polisi ya Royal Ulster Constabulary inkaonedwa ndi Akatolika ambiri ngati ya Apulotesitanti ndi ya andale ofuna kukhalabe pansi pa Britain. Akatolika anali pafupifupi 8 okha pa apolisi 100 alionse. M'madera ena munthu akaberedwa sankapita ku polisi, ankakanena kwa magulu a zida. Pambuyo pa pangano la mtendere la 1998, komiti yotsogoleredwa ndi a Chris Patten inapereka mfundo 175 mu 1999. Mu 2001 polisiyo inasintha dzina kukhala Police Service of Northern Ireland, inasintha chizindikiro ndi malumbiro, ndipo kwa zaka 10 theka la olembedwa ntchito atsopano linkayenera kukhala Akatolika. Anakhazikitsa ofesi yoima payokha yofufuza madandaulo okhudza apolisi, komanso bungwe loyang'anira polisi lokhala ndi andale a mbali zonse. Chipani cha Sinn Féin, chimene chinali mdani wamkulu wa polisi yakale, chinadikira mpaka mu 2007 kuti chivomereze yatsopanoyo. Pofika 2011 Akatolika anali atakwana pafupifupi 30 pa apolisi 100 alionse.

Ife chida chimodzi chotere tili nacho kale. Lamulo la polisi la 2010 linakhazikitsa Independent Complaints Commission, ofesi yoti munthu akadandaule za wapolisi kwa anthu amene si apolisi. Panapita zaka pafupifupi 10, maboma atatu akusinthana, ofesiyo isanatsegulidwe. Kuti ikhale ndi mano ikufunika ndalama zake zosachita kupempha, ofufuza okwanira, ndi maofesi ofikirika kwa munthu wa ku Karonga kapena ku Mangochi amene alibe ya basi yopitira ku Lilongwe. Pakufunikanso kuti kukwezedwa ndi kusamutsidwa kwa apolisi kuziyendera ndondomeko yolembedwa imene wapolisi angaitsutse ngati wasamutsidwa chifukwa chomanga kadeti wa chipani cholamula. Wapolisi wamba sangathe kukana foni yochokera kumwamba ngati akudziwa kuti akakana palibe amene adzamuteteze.

Gawo 158 lija lili ndi mbali imene sitiitchula kawirikawiri, ija yoletsa boma ndi zipani kutuma apolisi ntchito za ndale. Milandu ikabuka timathamangira kufunsa dzina la wapolisi amene anaponya utsi kapena amene anapinda manja. Aphungu a m'komiti yoona za chitetezo ali ndi mphamvu zoitana mkulu wa polisi ndi nduna yake kuti afotokoze amene anapereka lamulo tsiku limenelo, ndipo ayenera kuzigwiritsa ntchito ngakhale pamene wolamula ali wa chipani chawo.